Kufufuza yureniyamu: mtunda umene uli pakati pa chikhomo ndi mgodi

Yureniyamu, chitsulo chimene amapangira magetsi ndi mabomba a nyukiliya, amapezeka pafupifupi m'thanthwe lililonse. M'tani imodzi ya miyala wamba mumakhala magalamu awiri kapena atatu, m'miyala ya granite mumakhala ochulukirapo pang'ono, ndipo ngakhale m'madzi a m'nyanja zamchere alimo ndithu, kungoti ngwochepa zedi. Pa chifukwa chimenechi, kampani ikalengeza kuti yapeza yureniyamu pamalo ake, sikuti yanena chachilendo. Funso limene ofufuza amalimbana nalo kwa zaka zambiri ndi lakuti kodi alipo malo amene chilengedwe chinamuunjika pamodzi, mowirikiza ka 100 kapena ka 1,000 kuposa mmene amakhalira m'miyala wamba, pamalo poti munthu angakumbe, kumuyenga, kumugulitsa ndi kutsala ndi phindu. Malo otere ndi ochepa, ndipo ambiri mwa amene anali poyera anapezedwa kalekale.

Ntchito imayamba ndi ufulu wofufuza, ndipo ku United States ndi ku Canada ufuluwo umapezeka kudzera m'chimene eni ake amachitcha claim. Lamulo la migodi la ku United States, limene linakhazikitsidwa mu 1872 ndipo likugwirabe ntchito mpaka lero, limalola nzika kupita pamalo a boma amene sanatsekedwe, kukakhoma zikhomo m'ngodya za malo amene ikuwaganizira kuti ali ndi miyala yaphindu, ndi kusiyapo chikalata chonena dzina lake ndi tsiku limene yakhoma. Claim ya mtundu umene umatsata mtsempha wa mwala m'thanthwe siipitirira mamita 457 m'litali ndi mamita 183 m'lifupi, amene ndi mahekitala 8 ndi kachidutswa pamwamba, motero kampani yofuna dera lalikulu imakhoma ma claim mazanamazana ogundizana. Pasanathe masiku 90 mwini wake ayenera kukalembetsa ku ofesi ya Bureau of Land Management, ndipo chaka chilichonse pofika pa 1 September ayenera kulipira ndalama zosungira malowo, kupatula amene ali ndi ma claim osapitirira khumi, omwe amaloledwa kugwirapo ntchito m'malo molipira. Akaphonya tsikulo claim yafa, ndipo wina aliyense akhoza kudzakhoma zikhomo zake pomwepo.

Chimene ambiri amachiphonya ndi chakuti zikhomozo sizimpatsa munthu malo. Nthaka imakhalabe ya boma, ndipo wokhomayo amangokhala ndi ufulu pa miyala imene ili pansi. Ufulu womwewo umalimba pokhapokha ngati wapezadi kanthu, ndipo muyezo wake unaikidwa pa chigamulo cha mu 1894: mwalawo ukhale woti munthu wanzeru zake, wosamala ndalama, angaone kuti nkoyenera kuthirapo chuma ndi mphamvu zake ali ndi chiyembekezo chomveka choti adzatsegula mgodi waphindu. M'chigawo cha Saskatchewan ku Canada zikhomo zenizeni anazisiya, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2012 munthu amasankha malo pa mapu a pa kompyuta, koma kuti asalandidwe ayenera kuonetsa chaka ndi chaka kuti wagwiritsadi ntchito ndalama pofufuza pa hekitala iliyonse. Kukhoma n'kosavuta ndiponso n'kotsika mtengo poyerekeza ndi ntchito zonse zotsatira, n'chifukwa chake mtengo wa yureniyamu ukakwera, dera lonse limadzaza ma claim m'masabata ochepa. Kuchuluka kwa ma claim kumatiuza za njala ya anthu okhomawo, pamene za m'nthakamo sikutiuza kanthu.

Chipwirikiti chotere chinaoneka bwino m'zaka za m'ma 1950 kumadzulo kwa United States. Boma, kudzera m'bungwe la Atomic Energy Commission, linkafuna yureniyamu wopangira mabomba, ndipo linalonjeza mtengo wosatsika komanso mphoto ya madola 10,000 kwa wopeza mwala wochuluka ndi wabwino. Anthu wamba anasiya ntchito zawo n'kulowa m'zipululu za ku Utah, Colorado ndi New Mexico atanyamula kachipangizo ka Geiger, kamene kamalira kuti thethethe kakayandikira cheza chochokera m'miyala. Ambiri ankasaka mwala wachikasu wotchedwa carnotite umene unkaoneka m'zipupa za maphompho. Amene analemera kwambiri pa onsewo, Charlie Steen, anali katswiri wa za miyala amene analibe ngakhale ndalama yogulira kachipangizoko. Iye anaganiza kuti yureniyamu angaunjikane pansi, m'mapindo a matanthwe, monga amachitira mafuta, ndipo mu July 1952 makina ake obowolera anatulutsa mwala wakuda kudera la Lisbon Valley, kum'mwera chakum'mawa kwa tauni ya Moab ku Utah. Sanauzindikire msanga chifukwa sunali wachikasu, mpaka pamene unayandikizidwa ku kachipangizo ka munthu wina. Pamenepo ndi pamene panadzakhala mgodi wa Mi Vida. Oyenda ndi Geiger akanadutsa pamwamba pake osamva kanthu, pakuti mwalawo unali mamita oposa 20 pansi.

Apa m'pofunika kumvetsa chimene zipangizozi zimayeza, chifukwa zolakwa zambiri pa ntchitoyi zimachokera pomwepa. Yureniyamu weniweniyo amatulutsa cheza chochepa kwambiri cha mtundu wa gamma, umene ndi wokhawo umayenda mtunda woti chipangizo chiumve chili patali. Koma yureniyamu amasweka pang'onopang'ono n'kubala zinthu zina, nazo n'kubala zina, mndandanda wautali umene umadutsa pa radium ndi pa mpweya wa radon mpaka kukathera pa mtovu wotchedwa lead. Cheza champhamvu chimene zipangizo zimamva chimachokera kwa mmodzi mwa adzukulu akutali amenewa, bismuth-214. Tinganene kuti wofufuza amamva kulira kwa mwana pakhomo n'kuganiza kuti kholo lili m'nyumba. Nthawi zambiri lilimodi, koma kuti kuchuluka kwa adzukuluwo kufanane bwinobwino ndi kuchuluka kwa yureniyamu pamafunika kuti mwalawo ukhale wosasokonezedwa kwa zaka pafupifupi miliyoni imodzi kapena kuposerapo, ndipo madzi apansi sadikira nthawi yotero.

Nkhani ya ku Ontario ku Canada imaonetsa mbali imodzi ya vutoli. Kumpoto kwa nyanja ya Huron kunali matanthwe amene ankaliritsa Geiger mwamphamvu, koma zidutswa zake zikatumizidwa ku labotale zinkapezeka zopanda yureniyamu wokwanira, ndipo ambiri anagwa ulesi. Franc Joubin, katswiri wa za miyala, anaganiza kuti madzi a mvula, atasanduka asidi chifukwa cha mwala wa pyrite umene unali m'matanthwemo, anatsuka yureniyamu wa pamwamba n'kusiya zinthu zina zotulutsa cheza, ndipo kuti pansi pamene mvula siinafike yureniyamuyo akadalipo. Joseph Hirshhorn anapereka ndalama zobowolera mu 1953, maganizowo anatsimikizika, ndipo gulu lawo linakhoma mwachinsinsi ma claim oposa 1,400 ena asanadziwe. Dera limenelo ndilo linadzakhala Elliot Lake. Mbali ina ya vutoli ndi yotembenuka: yureniyamu amene madzi amusamutsa posachedwapa n'kumusiya pamalo atsopano amakhala asanabale adzukulu okwanira, choncho amakhala chete ngakhale ali wambiri. Palinso thorium ndi potaziyamu, amene amatulutsa cheza chawochawo, kotero kuti mchenga wokhala ndi monazite, mwala umene uli ndi thorium, ukhoza kusangalatsa munthu pachabe. Zipangizo za masiku ano zimasiyanitsa mphamvu ya cheza cha zinthu zitatuzi, ndipo zimaikidwa m'ndege zouluka motsika, mamita pafupifupi 100 kuchokera pansi, zikuyenda m'mizere yoyandikana ngati mlimi wopanga mizere m'munda. Ngakhale zili choncho, zimangomva za pamwamba penipeni, chifukwa dothi lokhuthala theka la mita kapena madzi ochepa okha amatsekereza cheza chambiri.

Popeza chipangizo chimaona pafupi chotero, wofufuza waluso amadalira kwambiri kudziwa khalidwe la yureniyamu m'madzi. Akakumana ndi madzi okhala ndi okosijeni, yureniyamu amasungunuka n'kuyenda nawo. Madziwo akafika pamalo opanda okosijeni, pamene pali zotsalira za zomera zakale, makala a pansi, pyrite kapena mpweya wochokera ku mafuta, yureniyamu amasiya madzi n'kukhala mwala. Choncho pali zinthu zitatu zofunika kuzipeza pamodzi: gwero lake, monga granite kapena phulusa la mapiri ophulika, njira yodutsamo madzi, monga mwala wa mchenga kapena mng'alu waukulu wa m'thanthwe, ndi msampha umene unamugwira. Kukasowa chimodzi mwa zitatuzi, ma claim angachuluke bwanji, pansipo palibe chokumba.

M'miyala ya mchenga ya ku Wyoming, kum'mwera kwa Texas ndi ku Kazakhstan, msamphawo umakhala mzere wokhotakhota wolekanitsa mchenga umene madzi a okosijeni anadutsamo kale ndi umene sanafikemo. Mtundu wa mchengawo ndiwo umalondolera obowola. Wofiirira kapena wachikasu ukutanthauza kuti madzi anapita kale ndi yureniyamu wake, pamene wotuwa ukutanthauza kuti sanafike, ndiye ngati dzenje lina latulutsa wofiirira ndipo lina wotuwa, chofunikacho chili penapake pakati pawo. Amabowola pakatipo, kenako pakati pa pakatipo, mpaka atagunda mzerewo, umene nthawi zina m'lifupi mwake ndi mamita makumi ochepa okha ngakhale kuti m'litali umayenda makilomita. Miyala ya mtundu umenewu kawirikawiri saikumba n'komwe: amapopera madzi osungunula yureniyamu m'zitsime zina n'kuwakoka m'zitsime zina, ndipo njira imeneyi ndiyo yachititsa Kazakhstan kutulutsa pafupifupi magawo 40 pa 100 aliwonse a yureniyamu wa padziko lonse. Wofufuza pamalo otere ayeneranso kuyeza ngati mchengawo umalola madzi kudutsa ndiponso ngati pamwamba ndi pansi pake pali dongo lotchinga, pakuti popanda zimenezi mwala wabwino ulibe ntchito.

Kumene luso la kufufuza linafika patali ndi ku Athabasca Basin, kumpoto kwa Saskatchewan. Kumeneko yureniyamu ali pamene mwala wa mchenga wokhuthala mamita mazanamazana unagona pa thanthwe lakale kwambiri, makamaka pamene ming'alu yokhala ndi graphite, chinthu chakuda chija chimene chili m'pensulo, imafika pamalire a miyala iwiriyi. Mwala wa ku Cigar Lake, umene unapezedwa mu 1981, uli mamita oposa 400 pansi, ndipo pamwamba pake palibe cheza chilichonse chachilendo. Wa ku McArthur River, wopezedwa mu 1988, uli pansi kuposa pamenepo. Ofufuza sangamuone yureniyamuyo, choncho amasaka mnzake woyenda naye. Graphite imadutsitsa magetsi, ndiye amatumiza mphamvu ya maginito m'nthaka kuchokera m'ndege kapena m'mawaya oyalidwa pansi n'kuyeza mmene ikubwerera, motero amajambula mizere ya graphite imene ili pansi. Vuto ndi lakuti mizere yotere ilipo makilomita masauzande ambiri, ndipo yambiri ilibe kanthu. Chotsatira ndi kuyang'ana pamene mzere wathyoka kapena kupindika, pamene mwala wafewa n'kusanduka dongo chifukwa cha madzi otentha amene anadutsapo kale, ndi pamene zinthu monga boron zachuluka m'mchenga. Zizindikiro zonsezi zikagwirizana, chimene chapezeka ndi malo oyenera kubowolapo basi.

Kubowola ndiko kumadya ndalama zambiri, ndipo ndiko kokha kumene kumayankha funso. Makina a mano a dayamondi amatulutsa mwala wozungulira wautali ngati munsi, umene amaudula n'kuuyala m'mabokosi motsata kuya kwake. Asanachoke pa dzenjelo amatsitsiramo chipangizo choyeza cheza kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo zotsatira zake zimapezeka tsiku lomwelo. Manambala ofulumirawa amalembedwa ndi kachilembo ka e kutsogolo, eU3O8, kusonyeza kuti ndi ongoyerekeza kuchokera ku cheza. Owerenga zilengezo za makampani ayenera kukayang'ana kachilembo kameneka, chifukwa vuto lija la kholo ndi adzukulu lili pomwepo. Nambala yodalirika imachokera ku labotale, kumene theka la mwala uja limaperedwa n'kusungunulidwa, pamene theka linalo limasungidwa kuti wokayikira adzathe kuyezanso. Makampani osamala amasakaniza m'katundu wopita ku labotale zidutswa zopanda kanthu ndi zina zimene mlingo wake ukudziwika kale, pofuna kuyesa labotaleyo. Chinanso chofunika kufunsa ndi kukhuthala kwenikweni kwa mwalawo, pakuti dzenje loboola motsata mtsempha wopyapyala likhoza kuonetsa mamita 30 a mwala wabwino pamene mtsemphawo ndi wa mamita awiri okha.

Funso lakuti mlingo wabwino ndi uti lilibe yankho limodzi. Mgodi wa Rössing ku Namibia, umene unayamba kugwira ntchito mu 1976, wakhala ukukumba mwala wa pafupifupi 0.03 peresenti, kutanthauza magalamu 300 pa tani, ndipo umakwanitsa chifukwa mwalawo ndi wochuluka kwabasi ndiponso umakumbidwa m'dzenje la pamtunda. Wa ku Cigar Lake uli pafupifupi 15 peresenti, makilogalamu 150 pa tani, kuwirikiza ka 500, koma unavuta koopsa kuukumba. Mwala wa mchenga wouzungulira ndi wofewa ndiponso wodzaza madzi, mgodi unasefukira mu October 2006 usanayambe n'kutulutsa komwe, ndipo njira imene inatheka ndi youmitsa nthaka ndi chisanu n'kumaswa mwalawo ndi madzi amphamvu, anthu ali patali ndi cheza. Unayamba kutulutsa yureniyamu mu 2014, patatha zaka 33 chipezekereni.

Dzenje limodzi labwino silipanga mgodi, ndipo malamulo a misika ya masheya amayesa kuletsa makampani kulankhula ngati limatero. Ku Australia kuli ndondomeko ya JORC, ndipo ku Canada kuli NI 43-101, imene inakhazikitsidwa mu 2001 pambuyo pa chinyengo cha kampani ya Bre-X, chimene chinaululika mu 1997 zitadziwika kuti golide wa m'zidutswa zake za ku Indonesia anali wochita kuthiramo. Ndondomekozi zimagawa mwala wopezeka m'magulu motsata kuyandikana kwa maenje ndi kudalirika kwa zimene zayezedwa. Gulu lotsika kwambiri, lotchedwa inferred, ndi la mwala umene maenje ake ndi otalikirana moti zambiri za pakati pawo ndi zongoganizira. Maenje akawonjezeka, mwala umakwera kukhala indicated, kenako measured. Dzina lakuti reserve limaperekedwa pokhapokha kafukufuku wa ndalama, wa kayengedwe, wa madzi ndi wa zilolezo ataonetsa kuti mwalawo ungakumbidwe mwaphindu. M'kuona kwanga, wowerenga amene wagwira kusiyana kwa mawu awiri okhawa, inferred ndi reserve, wadziteteza ku zilengezo zambiri zokometsera.

Ngakhale reserve imene imasuntha ndi mtengo. Yureniyamu amagulitsidwa ngati ufa wotchedwa yellowcake, ndipo mtengo wake umawerengedwa pa paundi ya kulemera kwake. Mu 2007 unapitirira madola 130, ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima ku Japan mu 2011 inaugwetsa pang'onopang'ono mpaka unatsika pansi pa madola 20 mu 2016, ndipo kumayambiriro kwa 2024 unadutsanso madola 100. Mwala womwewo, osasintha ngakhale galamu imodzi, umakhala chuma chaka china n'kukhala thanthwe wamba chaka chinzake. Wa ku Kayelekera ku Karonga unapezedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, unadikira mpaka 2009 kuti uyambe kukumbidwa, ndipo mu 2014 ntchito inaima chifukwa cha kugwa kwa mtengo. Makampani ang'onoang'ono ofufuza, amene sagulitsa kanthu ndipo amangodalira ndalama za ogula masheya, ndi amene amayamba kufa mtengo ukagwa, ndipo ma claim awo amabwerera m'manja mwa boma.

Pali chopinga china chimene yureniyamu ali nacho kuposa miyala ina, ndicho mbiri yake. Pamalo a mtundu wa anthu a Navajo ku United States pali migodi yosiyidwa yoposa 500 yochokera m'nthawi ya chipwirikiti chija, ndipo amuna ambiri amene ankagwira ntchito m'migodi yopanda mpweya wokwanira anadwala khansa ya m'mapapo chifukwa cha radon. Mu 2005 mtunduwo unaletsa kukumba ndi kuyenga yureniyamu pamalo ake onse. Mu 2012 boma la United States linatseka maekala pafupifupi miliyoni imodzi ozungulira chigwa chachikulu cha Grand Canyon kuti pasakhomedwe ma claim atsopano kwa zaka 20, ndipo pamenepo funso lija la mu 1894 linakhala lamoyo, chifukwa claim yakale inkapulumuka pokhapokha ngati mwini wake akanaonetsa kuti anali atapezadi mwala waphindu. Chigawo cha Virginia ku United States komweko chakhala chikuletsa migodi ya yureniyamu kuyambira 1982, ngakhale kuti ku Coles Hill kuli mwala wochuluka, ndipo khoti lalikulu la dzikolo linavomereza chiletsocho mu 2019. Kufufuza pakokha kumawononga zochepa poyerekeza ndi kukumba, komabe dzenje losatsekedwa bwino ndi simenti likhoza kulumikiza madzi apansi abwino ndi oipa, ndipo matope otuluka m'dzenje lodutsa m'mwala wamphamvu ayenera kubwezeredwa pansi. Anthu okhala pafupi akamakana ngakhale makina obowolera, nthawi zambiri amakhala akuyang'ana mgodi umene ungadzabwere pambuyo pake, ndipo sindikuona kuti akulakwitsa kuwerengera motero, popeza cholinga cha wobowolayo ndi chomwecho.

Ma claim ambiri amatha mwakachetechete, ndipo chotsala chimakhala mabokosi a miyala osanjikizidwa m'tchire ndi malipoti amene kampani inapereka ku boma. Ku Saskatchewan malipoti amenewa amatsegulidwa kwa aliyense pakapita nthawi, ndipo ofufuza atsopano amayambira m'menemo asanaponde m'tchire. Dera la Patterson Lake South, kunja pang'ono kwa malire a kum'mwera chakumadzulo kwa Athabasca Basin, linafufuzidwapo m'zaka za m'ma 1970, ndipo zizindikiro za radon ndi cheza zinalembedwa n'kusiyidwa. Mu 2011 makampani a Fission ndi ESO Uranium (imene inadzatchedwa Alpha Minerals) anapeza kumeneko miyala ikuluikulu ya yureniyamu wamphamvu itamwazikana pamtunda, imene madzi oundana a nthawi zakale anaithyola pathanthwe lake n'kuikokera kutali. Anatsata njira imene madzi oundanawo anadzera, mobwerera kumene anachokera, ndipo mu November 2012 makina awo anagunda mwalawo, umene mbali yake yaikulu ili pansi pa nyanja ya Patterson. Patangopita miyezi yochepa dera lonse lozungulira linali litadzaza ma claim, ndipo mu 2014 kampani ya NexGen inapeza mwala wa Arrow makilomita ochepa kuchokera pamenepo.